Jekete la Bwana Sapezeka

M'dziko la Bweranimawa, m'masiku a Mfumu Dekhani Wachitatu, aliyense wogwira ntchito m'boma ankakhala ndi majekete awiri. Lina linali lovala, lina logwira ntchito. Lovalalo linkayenda ndi mwini wake kumaliro, kumunda, kumisonkhano ya kutali, ngakhale kumalo oziziritsirako kukhosi. Logwira ntchitolo linkakhala pampando muofesi chaka chonse, osadwala, osapempha tchuthi. Ukafika ndi vuto lako, mesenjala ankatsegula chitseko pang'ono n'kukulozera mpando. "Bwana alipo, jekete lawo si ilo? Angotuluka pang'ono." Ndiye iwe unkakhala pabenchi mwaulemu, chipewa chili pabondo, kudikira munthu amene mwina anali kwawo kokumba mtedza.

Zakeyu Kadzuwa, telala wa pafupi ndi msika wa Tapirira, sankaona cholakwika pa mwambo umenewu, poti ndi umene unkamudyetsa. Ndi iye amene anatulukira kuti jekete la pampando silifuna matumba, silifuna mabatani, ndipo nsalu yam'kati n'kuwononga chabe. Chofunika ndi mapewa. Ankaika katoni m'mapewamo n'kusokerera ndi ulusi wa nayiloni, moti jekete lake likakhala pampando linkaoneka ngati munthu amene akusinkhasinkha za chitukuko cha dziko. Mabwana onse a mumzinda wa Tikuonabe ankasoketsa kwa iye.

Majekete amenewa ndiwo anamanga nyumba yake. Njerwa anaumba okha, iye ndi mkazi wake Nankhoma, ndipo malata ankagula limodzilimodzi n'kumabisa kunsi kwa bedi mpaka anakwanira. Inali nyumba ya khonde lalitali, pomwe pankakhala makina osokera, ndipo Zakeyu ankaikonda mochititsa manyazi. Mlendo aliyense ankamuzungulitsa nyumba yonse mpaka kuseri.

Kuseriko ndiye kunali vuto. Kunali mtengo waukulu wa bulugamu umene agogo ake a mfumu anadzala ndi manja awo tsiku lina lodzala mitengo, anthu akuwomba m'manja. Chiswe, chomwe sichilabadira mbiri ya dziko, chinalowa kutsinde n'kuyamba kudya. Chaka chimenecho mtengowo unayamba kupendekera kudenga la Zakeyu.

"Bambo a Lonjezo, mtengo uja ukutisuzumira," anatero Nankhoma m'mawa wina akusesa masamba. "Kale masamba ake ankagwera pakhola la nkhuku. Pano akugwera padenga."

"Ndauona, anaNkhoma."

"Kuona ndiye tonse tauona. Nkhwangwa ili kukhitchini."

"Mukufuna ndikafere kundende? Umenewu ndi mtengo wa boma."

Zakeyu sankanama. Lamulo linkati mtengo wa boma sungadulidwe mpaka bwana wouyang'anira atauona ndi maso ake. Wodula yekha ankakaseweza kundende mpaka mtengo wina utakula kufika msinkhu wa wodulidwawo. Choncho Zakeyu anasita malaya, n'kupita ku Nyumba ya Zamitengo, yomwe inali ndi zitseko zitatu: Ofesi ya Mitengo Yoongoka, Ofesi ya Mitengo Yopendekeka, ndi Ofesi ya Mitengo Yogwa. Anagogoda chapakati. Anamutsegulira mesenjala wina wautali, wa yunifolomu ya khaki, dzina lake Kabwazi.

"Bwana Sapezeka alipo?" anafunsa Zakeyu.

"Alipo, atelala. Jekete lawo si ilo?"

Zakeyu anasuzumira. Pampando panali jekete la buluu, mapewa ali nji, ndipo kangaude anali atalukira ulusi wake kuchokera paphewa lakumanja kukafika pakabati. Analizindikira nthawi yomweyo.

"Achimwene, limenelo ndinasoka ndine. Lilibe ndi matumba omwe."

"Ndiye mukudziwa bwino kuti ndi la bwana. Khalani pabenchipo."

"Inuyo munawaona liti komaliza?"

Kabwazi anakanda m'mutu. "Nkhope ndiye sindingakunamizeni. Ndinayamba ntchito iwo atangotuluka pang'ono. Koma amati ndi munthu wabwino kwambiri."

Pabenchipo Zakeyu anapeza mdala wina wa imvi amene anamuuza kuti anayamba kubwera kudzadandaula za mtengo wake tsitsi lili lakuda. Zakeyu anaseka, koma kusekako sikunafike m'mimba. Anabweranso mawa lake, mkuja, sabata yotsatira. Makina anachita fumbi pakhonde. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana, ndipo mphepo ikawomba mtengo uja unkalira kutsinde.

Pamsika wa Tapirira nkhani ya majekete inali ndiwo za tsiku lililonse. Wogulitsa makala ankati iye pofuna chiphaso anapereka moni kwa jekete miyezi yambiri, mpaka anayamba kulikonda. Mayi wina wogulitsa tomato anati anthu asamanyoze majekete. "Ine kuchipatala ndinapeza gauni loyera pampando. Ndinalifotokozera matenda anga onse, silinandikalipire ngakhale kamodzi. Dokotala weniweni akanatha zimenezo?" Anthu ankaseka, n'kubwerera kukadikira.

Kudandaula kwa pamsika sikukanafika kunyumba yachifumu, kungoti denga la kumeneko linayamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi la mfumu. Mfumu Dekhani inatuma munthu ku Ofesi ya Madenga, ndipo munthuyo anabwerako ndi uthenga wakuti bwana angotuluka pang'ono. Itagona ndi beseni pamimba, mfumu inazindikira kuti dziko lili pamavuto. Inaitanitsa Bwalo Lalikulu Lokonzanso Boma. Panafunika munthu wamba mmodzi woti akayankhule, kuti pawailesi adzanene kuti anthu anafunsidwa. Anasankha Zakeyu, chifukwa ndi munthu wamba yekhayo amene nduna zonse zinkadziwa kwawo.

Zakeyu atalowa m'bwalomo anaona ngati wafika pakhonde pake posokera. Mipando inali yodzaza mpaka kumbuyo, koma yokhala ndi mitu inali yowerengeka. Ina yonse inali ndi majekete, akuda, abuluu, akhofi, onse atatchera khutu. Mfumu inayankhula nthawi yaitali za kufunika kosintha zinthu, ndipo inasangalala kuona kuti palibe amene anawodzera kapena kutuluka. Kenako inakodola Zakeyu.

Telala anagwada. Ankadziwa kuti zomwe ati anene zimuthera bizinesi, koma anakumbukira malata ake. "Mwinidziko, ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma ndikupempha kuti majekete achoke pamipando, kuti mpando ukakhala wopanda munthu uzioneka kuti ulibe munthu. Amene sabwera kuntchito adziwike, ndipo ntchitoyo ipatsidwe wina. Komanso mtengo ndi umodzi, kaya waongoka, kaya wapendekeka, kaya wagwa. Zitseko zitatu zija zikanakhala chimodzi, kumbuyo kwake kuli munthu wopuma."

Kenako inaimirira Nduna ya Bata la M'maofesi, a Tionenso, bambo wa mawu ofewa amene sanatsutsepo munthu pamaso.

"Mwinidziko, atelalawa ayankhula zanzeru, ndipo tikuwathokoza. Koma taganizani. Tikachotsa majekete, anthu adzaona kuti m'maofesi mulibe anthu, ndipo adzataya chikhulupiriro m'boma. Chachiwiri, kafukufuku wathu waonetsa kuti jekete silinachedwepo kuntchito, silinalandirepo chiphuphu, silinachitepo sitalaka. Vuto si jekete. Vuto ndi lakuti jekete likugwira ntchito popanda mphamvu. Anthu akudikira bwana pamene bwana ali pamaso pawo."

Mfumu inagwedeza mutu, nkhope ikuwala. Inafunsa ngati pali wotsutsa, ndipo majekete onse anakhala chete, zomwe mlembi analemba kuti avomereza. Madzulo ake wailesi inalengeza Lamulo Lokonzanso Boma: kuyambira tsiku limenelo jekete la pampando ndi bwana weniweni. Pomwe pali jekete pali bwana, ndipo pomwe pali bwana pali ofesi.

Zakeyu anafika kunyumba atagwetsa nkhope. Nankhoma anamvetsera zonse akusenda chinangwa, kenako anaika mpeni pansi.

"Ndiye akuti jekete ndi bwana?"

"Atero."

"Ndipo lamulo likuti bwana auone mtengo?"

"Likutero."

"Nanga mukudikira chiyani, bambo a Lonjezo? Kawatengeni bwanawo adzauone. Si olemera."

Zakeyu anamuyang'ana mkazi wake ndi ulemu umene anali asanamupatsepo chikwatirane. M'mawa analawirira ku Nyumba ya Zamitengo n'kuuza Kabwazi kuti phewa la bwana lagwa pang'ono, ndipo munthu wa udindo wotere sangalandire anthu ali wopendekeka ngati mitengo yake. Kabwazi anaona kuti n'zoona. Anapukuta kangaude uja, n'kupereka jekete ndi manja awiri. Zakeyu analinyamula pahang'ala kudutsa pamsika, ndipo anthu ankapatuka n'kumavula zipewa. Wamakala uja anafuula kuti, "Mwayenda liti, bwana? Dzuwa lisakuwaweni."

Kunyumba Zakeyu anakhoma msomali patsinde la bulugamu n'kupachikapo jekete, kutsogolo kwake kutayang'ana pomwe chiswe chinadya. Anaitana anansi awiri kuti akhale mboni.

"Bwana, mtengo wake ndi umenewu," anatero atagwira chipewa. "Mwauona?"

Kamphepo kanawomba, dzanja la jekete linakwera pang'ono n'kutsika.

"Avomera," anatero Nankhoma, n'kumupatsa nkhwangwa.

Zakeyu anali atangolavulira m'manja pamene anamva phokoso kumsewu. Kutsogolo kunali Kabwazi atasenza benchi pamutu. Pambuyo pake pankabwera mdala wa imvi uja, anthu ena onse a mitengo yopendekeka, ndi wapolisi mmodzi atanyamula chitini cha penti.

"Ikani nkhwangwa pansi, atelala," anatero Kabwazi akutula benchi. "Mukufuna kudula ofesi?"

"Ofesi yake iti?"

"Pomwe pali jekete pali bwana, pomwe pali bwana pali ofesi. Bwana asamukira pano, ndiye ife tawatsatira."

"Chabwino, ndilichotse ndilibweze kumpando kwake."

Wapolisi anaima pakati pa Zakeyu ndi mtengo. Anafotokoza modekha kuti kugwira bwana ali pantchito ndi mlandu waukulu, ndipo kusamutsa ofesi kumafuna chilolezo cha Ofesi Yosamutsa Maofesi, komwe bwana wake anali atangotuluka pang'ono. Anawonjezera kuti chilichonse chimene chili pansi pa mthunzi wa ofesi ndi katundu wa boma. Atatero anaviika burashi m'chitini n'kulemba nambala pachitseko cha Zakeyu, pamtondo, pakhola la nkhuku, ndi pathebulo la makina.

Wailesi inaikonda nkhaniyi kwambiri. Inati Bwana Sapezeka ndi bwana woyamba m'mbiri ya Bweranimawa kutuluka muofesi kukakumana ndi anthu kumene ali. Inati zipatso za kukonzanso boma zayamba kuoneka. A Tionenso anabwera kudzadula riboni, ataima chapatali ndithu ndi mtengo, n'kulonjeza kuti maofesi ena atengera chitsanzo. Pakhomo pa Zakeyu panadzaza anthu. Azimayi anayamba kugulitsa zitumbuwa pamzere, ndipo aliyense wodikira ankapempha madzi akumwa kwa Nankhoma, poganiza kuti ndi wantchito wa boma.

Zakeyu anaonda. Ankayang'ana mtengo, n'kuyang'ana denga lake, n'kuyang'ananso mtengo. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti jekete lija linkaoneka bwino pamenepo. Mvula inaliwaza, dzuwa linaliwamba, koma mapewa anali nji.

Nankhoma sanataye nthawi ndi kudandaula. Tsiku lina anamasula mutu wa makina pathebulo, n'kuubereka kumbuyo ndi chitenje, n'kufunditsa kansalu pamwamba. Wapolisi anamuyang'ana akudutsa atawerama.

"Mwanayo akuoneka wolemera, mayi."

"Watengera bambo ake, mutu wokhawokha," anayankha Nankhoma osaima. Anakausiya kwa mchemwali wake kutsidya kwa msika.

Tsiku lomwe mtengo unagwa, kunacha kotentha, mitambo yakuda itaunjikana kumwera. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, Kabwazi anaimba belu lake monga mwa masiku onse n'kulamula kuti aliyense atuluke muofesi, chifukwa lamulo silinkalola munthu kukhala m'malo a boma bwana akudya. Anatulutsa a pabenchi, a zitumbuwa, wapolisi, ngakhale eni nyumba. Pa malamulo onse a Bweranimawa, limeneli lokha ndi limene linkatsatidwa osaphonya, ndipo ndi lokhalo limene linapulumutsapo anthu. Onse ataima kumsewu, mphepo ya mkuntho inafika. Mtengo unalira kutsinde, unaima kanthawi ngati ukudikira chilolezo, kenako unagona panyumba ya Zakeyu kuyambira kuseri mpaka pakhonde.

Fumbi litatha, Zakeyu anaona malata ake atapindika, njerwa zili mbwee, bedi lili pamtunda. Anakhala pansi pamsewu n'kulira osabisa nkhope. Nankhoma anakhala pambali pake.

Kabwazi nayenso ankalira, koma iye ankalirira zina. Pansi pa tsinde pankaoneka dzanja la buluu. "Bwana atisiya," anatero akusisima. "Afera pantchito."

Mfumu inalamula maliro a boma, ndipo inati achitikire pamalo pomwe ngwaziyo inagwera. Apa ndi pomwe anthu a ku Tapirira anaona zimene anali asanaonepo: mabwana enieni, a mitu ndi miyendo, atadzaza mahema. M'dziko la Bweranimawa bwana ankatha kujomba kuntchito moyo wake wonse, koma pamaliro a boma sankasowa. Bokosi linali laling'ono, lokutidwa ndi mbendera. A Tionenso anayankhula za kudzipereka kwa malemu, amene sanachoke pamalo ake ngakhale ataona imfa ikubwera. Wamakala uja ananong'oneza mnzake kuti dziko lataya munthu yekhayo amene ankapezeka.

Kutsogolo, pampando wa anamfedwa, kunakhala bambo wina wamfupi, wonenepa bwino, khungu losalala la munthu amene sanadikirepo pabenchi. Ankapukuta maso ndi kampango koyera. Zakeyu anafunsa wapolisi kuti ameneyo ndani.

"Simukuwadziwa? Ndi Bwana Sapezeka, eni ake a malemu."

Zakeyu anamuyang'anitsitsa. Anakumbukira kuti anamuyezapo mapewa kalekale, asananenepe chonchi. Mwambo utatha, bwanayo ananyamuka kukaona pomwe ngozi inachitikira. Anazungulira tsinde, anagogoda ndi nsapato pomwe chiswe chinadya, n'kupukusa mutu. Zakeyu ndi Nankhoma anamuyandikira.

"Nyumbayi inali yanu, bambo?" anafunsa Bwana Sapezeka.

"Inali yathu, bwana."

"Pepani kwambiri. Koma inunso, mtengo woola chonchi munkagona pansi pake bwanji? Ngakhale mwana akanaona kuti ugwa. Bwanji simunabwere kuofesi kudzanena?"

Zakeyu anatsegula pakamwa, koma mawu onse amene anabwera anali oti akanamupititsa kundende. Anawameza. Nankhoma anamugwira pamkono.

"Poti tsopano mwauona ndi maso anu, bwana," anatero Zakeyu pang'onopang'ono, "tiloleni tiudule, tichotse malata otsalawo ndi zofunda. Mvula yayamba."

Bwana Sapezeka anaoneka wachisoni zenizeni. "Ndikanakonda kukuthandizani, bambo. Ukanakhala wopendekeka, bwenzi ndikukulolani pompano. Koma uwu wagwa. Si wanganso. Mupite ku Ofesi ya Mitengo Yogwa, chitseko chachitatu." Anamugwira chanza Zakeyu mwachikondi, n'kunena kuti akapeza mpata adzabwera kudzasoketsa lina, poti mpando sungakhale wopanda munthu. Kenako anakakwera galimoto.

Mahema anayamba kupasulidwa. Madontho oyamba anagwa pamalata opindika aja. Nankhoma anakoka chitenje n'kufunda kumutu.

"Bambo a Lonjezo, kuchitseko chachitatuko bwana wake amapezeka?"

Zakeyu anayang'ana bedi lawo likunyowa pansi pa mtengo wa boma.

"Amapezeka, anaNkhoma," anatero. "Ndi lakhofi. Ndinasoka ndi nayiloni wapawiri, silidzang'ambika ife tili moyo."